Dzina la Pansi pa Penti

Makiyi anali asanu ndi awiri pa chingwe cha nsapato.
Mayi Herminia anandiwerengera m'dzanja mmodzimmodzi:
"Uyu ndi wa khomo, uyu wa kabati ya sopo,
uyu ndaiwala, koma usamutaye."
Kenako anakwera basi ya ku Quilpué
osacheuka, ngati munthu amene watula mtolo wa eni.

Ndinagula malo ochapira zovala pa phiri la Barón,
muno mu Valparaíso momwe msewu ukatopa umasanduka masitepe.
Banki inandikongoza, ndinasaina mpaka dzanja kuuma.
Pa pepala analemba: makina atatu, nsimbi ziwiri, sikelo, kauntala.
Sanalembe kuti makina apakatiwo amafuna kuwagunda ndi bondo
asanavomere kuzungulira.
Sanalembe za kope lonona la angongole,
kapena za jekete la ukwati lomwe lalendewera pa waya
zaka zisanu ndi zinayi, mwiniwake osaoneka,
tikiti yake itafiira ngati tsamba la fodya.

Nélida anandiseka.
Tinaphunzirira limodzi kusita ku hotela ya kudoko,
zipsera za m'zala zathu n'zapachibale.
Anati, "Nsalu yobwereka siithetsa usiwa, mnzanga."
Iye anayamba ndi nsimbi imodzi pa tebulo la kukhitchini
ndi timapepala ta nambala ya foni
tomwe ankatilowetsa kunsi kwa zitseko za anthu usiku.
Mwezi woyamba anapeza makasitomala atatu,
mmodzi mwa iwo azakhali ake.
Ine tsiku loyamba ndinapeza mzere pakhomo.

Koma mzerewo sunali wanga.
"Herminia ali kuti?"
"Herminia sankapinda malaya chonchi."
"Herminia mabatani sankandilipiritsa."
Don Evaristo, amene anakalambira m'sitima za nsomba,
amabwera Lachisanu lililonse ndi malaya awiri omwewo
n'kunditchula dzina la mayi uja.
Ndinaleka kumukonza. Ndimangovomera.

Chikwangwani ndinachipaka penti wobiriwira,
ndinalembapo Ximena, zilembo zonenepa.
Mvula ya mu Julaye itakwera kuchokera kudoko
H wakale anasuzumira pansi pa X wanga,
phee, ngati mwininyumba wodzaona lendi.

Nélida alibe dzina lapansi.
Alibenso khomo loti munthu n'kugogoda.
Amabereka mitolo kumsana, masitepe zana ndi makumi anayi,
mawondo ake akulira ngati chitseko chosowa mafuta.
Wina akamuyamikira, chiyamikirocho n'chake chonse,
palibe mzukwa wodyako theka.
Akawotcha kolala ya munthu, manyaziwo ndi akenso.
Amagona wopanda banki pachifuwa
koma sadziwa ngati Lolemba foni ilira.
Ine ndimadziwa kuti Lolemba anthu abwera.
Ndimadziwanso tsiku lomwe banki imabwera,
ndipo siphonya, kaya kugwe mvula kaya makina afe.

Dzulo tinakhala pa sitepe ya pakati pa phiri
tikugawana buledi wopaka peyala,
pansi pathu makontena akutsitsidwa ngati njerwa za ana.
Anayamba ndi chifuwa chabodza, kenako n'kunena:
wapeza oda ya makatani a sukulu yonse,
tebulo la kukhitchini lachepa,
kodi Lamlungu makina anga amakhala akuchita chiyani?
Ndinati amapuma, bwera nawo,
koma apakatiwo uwagunde kawiri, bondo lamanzere.
Ndinamupempha andilembereko timapepala take tija,
tokhala ndi dzina langa lokha.

Atadzuka anandifunsa za jekete lija.
Ndinati ndalichapanso, sindikudziwa chifukwa chake.
Lili pa waya, kumbali yomwe dzuwa silifika.
Kiyi wachisanu ndi chiwiri uja ali m'thumba la epuloni.
Ndikapeza mpata ndimamuyesa apa ndi apo.
Chomwe amatsegula sindinachipezebe.